Penti wa Khrisimasi safika Pasaka

Disembala akamayandikira, fungo la ku Nkolokosa kuno limasintha. Ukadutsa m'tinjira ta pakati pa nyumba m'mawa, pambali pa utsi wa mbaula umamvanso fungo la penti. Apa akupenta mpanda, apo mnyamata wakwera pamgolo akupaka mawindo, uko landilodi akufuna nyumba iwale msanga alendi atsopano asanalowe. Aliyense akufuna Khrisimasi imupeze m'nyumba yooneka bwino. Koma mudzadutsenso m'tinjira tomweto mu Epulo. Makoma aja mudzawapeza atatuluka matuza, m'munsi mwake muli mawanga akuda, penti akumatuka ngati khungu la njoka. Ndipo mawu amene mudzamve pakhomo lililonse ndi amodzi: "Mmisiri uja anatibera."

Nthawi zina amakhala atatiberadi, zimenezo sindikana. Koma ndikufuna nditsutseko pang'ono. Penti wambiri amene amamatuka m'makomo mwathu amakhala atalephera kale chidebe chisanatsegulidwe n'komwe, ndipo pa mlandu umenewu eninyumbafe tili m'kati.

Ine si mmisiri. Sukulu yanga ndi ya utolankhani. Koma malume anga ndi mmisiri wopenta, ndipo tchuthi chilichonse pomwe ndidali ku koleji ndinkawanyamulira makwerero ndi zidebe kuti ndipezeko ya fotokope ndi ya bando. Zomwe ndilembe pano ndidaziphunzira ndi sandipepa m'manja, fumbi lili m'mphuno.

Chaka china mayi ena a m'dera mwathu momwe muno adaonjezera zipinda ziwiri kunyumba kwawo. Pulasitala adamalizidwa, padapita masiku osakwana khumi, ndipo iwo adatiitana kuti tipente chifukwa Loweruka lake kudali chinkhoswe cha mwana wawo. Malume adayendera makoma aja, kuwagwira ndi chikhatho, kenako adang'amba jumbo yoonekera m'kati, kuimata pakhoma ndi tepi mbali zonse zinayi, n'kunena kuti tibweranso mawa. M'mawa mwake m'kati mwa jumbo muja mudali timadontho ta madzi.

"Mayi, khomali likadali ndi madzi. Ndikapaka lero, mudzanditukwana mvula isanathe," adatero malume.

"Bambo, ine ndikufuna penti, osati sukulu. Simukufuna ndalama kodi?"

Ntchito ija idatiphonya. Adaipatsa mnyamata wina amene adaimaliza masiku awiri okha, chinkhoswe chidachitika, zithunzi zidaoneka bwino pa WhatsApp. Ine ndidakwiya nawo malume chifukwa ndalama ija ndidali nditaiwerengera kale. Pofika Malichi penti uja adayamba kutupa. Musaganize kuti mayi aja adabwera kudzapepesa, ayi. Ankangouza aliyense kuti amisiri a masiku ano onse ndi akuba. Mnyamata uja mbiri yake idaipa m'dera lonse, malume adataya ndalama, mayi aja adataya penti. Palibe adapindula.

Nkhani yagona pamenepa. Simenti imafuna nthawi. Pulasitala watsopano amafunika pafupifupi masabata anayi kuti aume bwino, ndipo nyengo yamvula amatha kupitirira apo. Akadali wamuwisi amakhala ndi madzi komanso ukali wina wa simenti umene umadya penti kuchokera pansi. N'chifukwa chake ngakhale atauma, chovala choyamba cha khoma chimayenera kukhala pulaima wa pulasitala, penti wa mtundu wake wopangidwira kupirira ukali umenewu ndi kutseka timabowo ta khoma. Ambirife pulaima timamuona ngati ndalama yotaya chifukwa saoneka ntchito ikatha. Komatu iye ndiye amagwira penti wokongola uja kuti asagwe.

Ndiye pali madzi ena amene sachoka ngakhale mutadikira chaka. Nkolokosa ali m'munsi mwa phiri la Soche, ndipo amene tidaona mvula ya namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, matope atagumuka n'kusesa nyumba ku Manja ndi ku Chilobwe, sitifunika wotiuza kuti madzi a m'phiri lija amatsikira kuti. Nyumba zambiri, makamaka zoonjezera ndi mipanda yomangidwa mwachangu, zilibe pepala lapulasitiki lija limaikidwa pamwamba pa maziko kuti chinyezi chisakwere. Zina dothi lidaunjikana m'mbali mwa khoma, zina madzi a padenga amagwera patsinde penipeni n'kumathovukira kukhoma. Chizindikiro chake n'chodziwika: penti amamatuka m'munsi mokha, kulekeza cha m'mawondo kapena m'chiuno, ndipo pamatuluka timchere toyera ngati ufa. Khoma lotere silifuna penti. Likufuna ngalande, kakhonde ka simenti kozungulira nyumba, ndi kuchotsa dothi lija. Mmisiri wachilungamo amanena zimenezi poyera, ngakhale akudziwa kuti ndalama ya tsiku limenelo ipita kwa womanga. Timchere tija amatichotsa ndi bulashi youma. Mukatitsuka ndi madzi mwangotibwezera m'khoma, tidzatulukanso.

Nyumba zakale zili ndi vuto lawolawo. Zina mwa nyumba za kuno zidamangidwa ndi Malawi Housing Corporation, bungwe lomwe lidakhazikitsidwa mu 1964, ndipo zadutsa m'manja mwa mabanja ambiri. Wina adapaka laimu, wina adabwera n'kupaka PVA, wina adakonda gulosi wonyezimira, winanso adabwereza PVA pamwamba pake. Khoma lotere lili ngati munthu wovala malaya asanu, a m'kati ong'ambika. Malume asanatchule mtengo amachita mayeso awiri osafuna ndalama. Oyamba, amapukuta khoma ndi chikhatho. Chikayera ngati wagwira ufa, ndiye kuti pansi pali laimu kapena penti wofumbwa, ndipo penti watsopano angogwira fumbilo osati khoma. Pamenepo mpofunika kupala, kutsuka, kudikira paume, n'kupaka mankhwala omanga fumbi aja amagulitsa m'mahadiweya. Achiwiri, amanyowetsa kansalu ndi sipiliti wa methylated n'kutikita pakona. Penti akasungunukira pansalu, ndi wamadzi. Akapanda kusuntha, ndi wamafuta, ndipo PVA sangagwire pamenepo pokhapokha mutakhula ndi sandipepa mpaka kunyezimira kuthe, n'kupaka andakoti kaye. Ndidaonapo bafa lina lomwe penti wake ankachita kusendeka ndi chikhadabo ngati nthochi, kaamba kodumpha sitepe imeneyi.

Chuku chakuda chija cha m'bafa ndi kuseri kwa wadilopu n'chamoyo, ndipo mukachikwirira ndi penti chimaboola n'kutulukanso. Chimafuna kutsukidwa ndi Jik wosungunula m'madzi, mawindo ali otsegula, osamusakaniza ndi mankhwala ena otsukira chifukwa mpweya wake ndi woopsa. Ming'alu nayo siimatidwa pamwamba chabe. Umaikulitsa pang'ono ndi mpeni wopalira, kuchotsa fumbi, kuthira fila, kudikira aume, kukhula, n'kupakapo pulaima. Mng'alu umene ukukulirakulira chaka ndi chaka si wa wopenta, itanani womanga.

Mukaphatikiza zonsezi muona kuti pa masiku asanu a ntchito, atatu amatha mmisiri asanaviike bulashi m'chidebe. Apa ndi pamene pamayambira mkangano. Mwininyumba akabwera madzulo kuchokera kuntchito n'kupeza khoma lili mawangamawanga, loipa kuposa mmene adalisiyira, amaona ngati anthuwa angocheza tsiku lonse. Ifetu timalipira zimene maso akuona. Mmisiri amene wazindikira zimenezi amangodumpha zonse, kutsegula chidebe 7 koloko m'mawa, pofika 4 koloko nyumba yawala, bwana wasangalala, ndalama yalowa pa Mpamba. Tamuphunzitsa tokha.

Tsono nkhani ya madzi m'chidebe, yomwe ndi imene imadanitsa anthu kwambiri. Inde, alipo amisiri amene amathira madzi ochuluka kuti penti wina atsale akagulitse. Koma aliponso eninyumba amene amagula chidebe chimodzi cha malita 20 n'kunena kuti chikwane nyumba yonse ya zipinda zitatu ndi pabalaza pomwe. Tiyeni tiwerengere limodzi. Chipinda cha mamita 3 m'lifupi ndi mamita 4 m'litali, chotalika mamita 2.7 kupita m'mwamba, makoma ake ndi pafupifupi masikweya mita 38. Tikachotsapo chitseko ndi windo atsala ngati 34. Kupaka kawiri, ndiye 68. Lita imodzi ya PVA pakhoma losalala imayenda masikweya mita pakati pa 8 ndi 10, ndipo nambala yeniyeni imalembedwa pachidebe. Ndiye kuti kachipinda kamodzi kameneka kadya malita 7 kapena 8, siling'i osawerengera. Chidebe cha malita 20 ndi cha zipinda ziwiri ndi kachidutswa basi. Khoma lokhakhala lakunja limamwa kuposa apa. Mukamuuza mmisiri kuti chikwane nyumba yonse, mwamulamula kuti athire madzi, kungoti simunatchule mawuwo.

Madzi pang'ono amaloledwa, makamaka popaka koyamba, ndipo mlingo wake umalembedwa pachidebe pomwepo. Koma akapyola, chomata cha m'penti chimachepa mphamvu. Penti wotere amaoneka bwino tsiku loyamba, koma mukangotsamira khoma malaya ayera, mukapukuta ndi kansalu konyowa pulasitala waonekera. Chimodzimodzi amene amasungunula gulosi ndi parafini kapena petulo poopa mtengo wa tapentaini: penti amataya kunyezimira, ndi parafini amachedwanso kuuma, ndipo ndi petulo ndiye mukuseweranso ndi moto m'nyumba mwa eni.

Nyengo nayo ili ndi mawu ake. Dzuwa la Okutobala likamaomba khoma mwachindunji, penti amauma pamwamba asanagwire pansi, mizere ya rola imatsala. Mmisiri wodziwa amatsata mthunzi: m'mawa amayamba mbali yakumadzulo, masana akapita amasamukira kum'mawa. Mu Juni ndi Julaye, chiperoni chikagwa kuno ku Blantyre, makoma akunja amakhala onyowa ngakhale mvula yeniyeni isanagwe, ndipo gulosi wopakidwa madzulo amadzuka atachita mbuu. Kunena zoona, miyezi yabwino yopenta kunja ndi Ogasiti ndi Seputembala, komanso Meyi makoma akauma. Koma ife timasankha Disembala, mwezi umene mitambo imasonkhana pamwamba pa Soche pafupifupi masana aliwonse. Walira mvula walira matope. Ngati Khrisimasi yakukakamizani, pentani m'kati, kunja kudikire.

Zina ndi zazing'ono koma zimasiyanitsa mmisiri ndi waganyu. Amayamba siling'i, kenako makoma, zitseko ndi mawindo pomaliza. Amadula m'makona ndi bulashi n'kutsatiza rola pomwepo pasanaume, ndipo sapumira pakati pa khoma, amafika kaye pakona. Ngati mtundu wa penti ndi wochita kusakaniza kusitolo, amathira zidebe zonse pamodzi asanayambe, chifukwa zidebe ziwiri za dzina limodzi zimatha kusiyana pang'ono, ndipo kusiyanako kumadzaonekera pakati pa balaza. PVA amadikira maola angapo asanabwereze, gulosi amadikira mpaka mawa lake. Zitsulo za m'mawindo zochita dzimbiri amazikhula ndi bulashi yawaya n'kupaka pulaima wofiira uja kaye. Malata atsopano amakhala ndi mafuta a kufakitale, ndipo penti wamba samata pamenepo popanda kuwatsuka ndi kupaka pulaima wa malata.

Koma pali chinthu chimodzi chomwe ngakhale malume anga, ndi zaka zawo zonse pantchitoyi, sadachimvepo mpaka nditawawerengera ndekha. Ndi nkhani ya mtovu, chitsulo chomwe pachingerezi amati lead, chimene opanga penti ena ankathira mu penti wamafuta kuti mtundu uwale ndi kuuma msanga. Mu 2020 bungwe la Lead Exposure Elimination Project lidayeza penti wamafuta wogulitsidwa m'dziko muno ndipo lidapeza kuti oposa theka la amene adayezedwa adali ndi mtovu wopyola magawo 90 pa magawo 1 miliyoni, omwe ndi malire amene mabungwe a United Nations amalimbikitsa maiko kutsatira. Malawi Bureau of Standards idalonjeza kukhwimitsa kuyendera opanga penti zitatero. Zimenezo n'zabwino kwa penti watsopano. Nanga amene ali kale pazitseko, pamawindo ndi m'makoma a nyumba zathu zakale? Bungwe la World Health Organization limanena kuti palibe mlingo wa mtovu m'thupi umene ungatchedwe wabwino, ndipo amene amavulala kwambiri ndi ana aang'ono chifukwa umaononga ubongo umene ukukula. Nthawi zambiri mwana sadwala mooneka. Amangovutika kusukulu, ife n'kumati ndi waulesi.

Ndikakumbukira mmene ndinkakhulira zitseko zakale ndi sandipepa youma, ana a eninyumba akukwawa pansi pomwepo, ndimachita manyazi. Njira yake ndi yosavuta. Penti wakale wamafuta akhulidwe ndi sandipepa yonyowetsa kuti fumbi lisauluke. Pansi payalidwe pulasitiki, zopalidwazo zikulungidwe n'kutayidwa kutali ndi posewerera ana. Pomaliza pakolopedwe, osati kusesa. Ana ndi amayi oyembekezera asakhale m'chipindamo. Ndipo mmisiri asalowe m'nyumba mwake ndi ovololo ya kuntchito n'kunyamula mwana wake asanasambe. Musawotche penti wakale ndi moto kuti achoke msanga, utsi wake ndi woipa koposa fumbi.

Ndikudziwa zomwe ena anene. Ati mtolankhaniwe ukuyankhula za ku Namiwawa, ife a ku Nkolokosa ndalama ya pulaima, andakoti ndi fila tiitenga kuti? Funso limeneli ndi lomveka. Kuyambira pomwe kwacha idagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, aliyense amene wapondako m'mahadiweya a ku Limbe akudziwa mmene mitengo idakwerera. Naye mmisiri ali ndi ana ofuna kudya, ndipo akakana ntchito lero pali anyamata khumi pamsika wa Zingwangwa amene aivomera mawa pa theka la mtengo wake. Kukana n'kosavuta kwa ine amene ndikulemba ndili pampando.

Koma umphawi womwewo ndi umene ukutiletsa kupenta kawiri. Amene ali ndi ndalama akhoza kubwereza chaka chilichonse osamva kuwawa. Ife ayi. Ngati ndalama ikukwana chipinda chimodzi, pentani chipinda chimodzicho moyenera, china chidikire mwezi wamawa. Ngati khoma lakunja ndi lachinyezi ndipo simungathe kukonza panopa, laimu si wochititsa manyazi: ndi wotchipa, amalola khoma kupuma, ndipo satupa matuza ngati penti. Makolo athu sadali opusa pomugwiritsa ntchito. Choipa n'kugula penti wodula n'kumupaka pamadzi.

Kwa amisiri, pempho langa ndi limodzi: lembani. Pepala la m'kope ndi lokwanira, ngakhale uthenga wa pafoni. Mtengo wa zipangizo paokha, wa ntchito paokha, ndipo kukonza khoma kukhale ndi mzere wakewake ndi mtengo wake, kuti mwininyumba aone kuti kupala ndi kukhula ndi ntchito yolipidwa. Lembani kuti mupaka kangati, penti wanji, malita angati, masiku angati. Mukaona khoma lachinyezi koma bwana akuumirira, lembaninso kuti mwawachenjeza, iwo avomereze. Jambulani khomalo musanayambe. Zidebe zotha muzisiye pakhomo pomwepo kuti aziwerenge okha. Tsiku limene penti adzamatuke, pepalalo ndi limene lidzasunge dzina lanu. Ndipo amene mudaphunzirira ntchitoyi kwa malume anu ngati ine, osaponda m'kalasi, dziwani kuti TEVETA, yomwe idakhazikitsidwa mu 1999, ili ndi ndondomeko yoyesa luso la anthu amene adaphunzirira ntchito pantchito pomwepo n'kuwapatsa satifiketi. Pepala limenelo silipenta khoma, koma limakupatsa mphamvu yotchula mtengo osagwetsa nkhope.

Eninyumbafe tisiye kufunsa funso limodzi lokha lija lakuti "zingati?" Funsani kuti khomali mulikonza bwanji musanapake. Amene ayankhe kuti "osadandaula bwana, mawa lomweli tamaliza" osaligwira n'komwe khomalo, muthokozeni, apite. Ndipo amene wagwira ntchito yake bwino mumulipire pa tsiku lomwe mudagwirizana, chifukwa ena mwa amisiri amene amaba penti adayamba atatopa ndi kulondola ndalama zawo miyezi itatu.

Sabata yatha landilodi wathu adatiuza kuti tisunthe katundu chifukwa akufuna apentetse nyumba yonse chaka chisanathe. Khoma lakuchipinda kwanga, lomwe layang'ana kuphiri, adalizira pulasitala watsopano m'munsi masabata awiri apitawo. Dzulo usiku ndamatapo jumbo ndi tepi. M'mawa uno ndaijambula, timadontho tili mbwee m'kati mwake, ndipo chithunzicho ndawatumizira. Auwerenga uthengawo, timizere tiwiri tabuluu taoneka, koma mpaka pano sanayankhe. Wopenta akuti abwera Lolemba.